Mjapani Anandiweramira

Achimwene a Fulaye,

Muli bwanji pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno ku Glasgow thupi lili bwino, koma mtima ukuwira.

Paja kufakitale yathu ya Ajapani ija anasankha ine, katswiri wa dera lathu lonse la Dennistoun, kuti ndikaphunzire makina atsopano ku Japan. Lachiwiri kunabwera bwana wamkulu wochokera komweko. Atandiona anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda nsapato. Ndinati eya, ulemu wapeza mwini wake. Ndinawomba m'manja mwachikwathu, mano onse mbee.

Mnzanga wachisikoti anandikoka malaya. "Ukusekerera chiyani iwe? Akupepesatu ameneyu."

Akuti eni masheya a kampani yathuyi, a ku America, akana kugula makinawo, poti phindu lake limabwera patapita zaka, pomwe iwo akufuna lawo chaka chomwechino. Anthu osadziwa n'komwe khomo la fakitale yathu. Akukazinga mbewu, achimwene, mawa adzakalipira munda kuti sukubereka. Ulendo wanga wafera pomwepo, ndipo makina akalewa akadzaima, ntchito yanganso yatha.

Chonde auzeni amayi asiye kulengeza ku Mvano kuti ndikukwera ndege ya ku Japan. Azingopempherera makina akalewa kuti asakhosomole.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Madalitso