Sitepe Yakana Kulowa

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Quartzsite, m'chipululu. Mphepo kuyambira m'mawa, fumbi mpaka m'khofi. Sitepe yamagetsi yokwerera m'galimoto yathu ya nyumba yagwa ulesi. Masiku onse ukatsegula chitseko imatuluka yokha, ukatseka n'kuliza injini imabwerera kunsi. Lero ndaliza injini, iyo ili panja pomwepo ngati lilime la galu. Pamsewu sungayende choncho, ungathyole mwendo wa munthu.

Lolemba mkazi wanga Darlene akufunika kuchipatala ku Phoenix, akayambirenso mankhwala a khansa. Mwana wathu Curtis watikonzera kale chipinda kwake. Nthawi ilipo. Ndinakalambira pa chiwongolero cha basi ya ana asukulu ine, kasitepe sikangandigonjetse.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Fyuzi yabwinobwino. Batire yodzaza. Ndinayala katoni, kugona chagada kunsi kwa galimoto, kupala dzimbiri pa waya wopita kuchitsulo. Osatheka.

Kunsi kuja n'kozizira bwino. Pamwamba pa nkhope yanga zidendene za Darlene, atakhala pa sitepe ndi khofi wake, kuyang'ana mapiri akusintha mtundu. Zinziri zinadutsa pamzere, osandiopa n'komwe. Tulo tinandiba sipanala ili m'manja. Ndinalota ndikuyendetsa basi yanga yachikasu pamchenga popanda msewu, ana onse chete, Darlene pampando wakumbuyo, tsitsi lake lalitali lija likuuluka pawindo. Sitinkapita kulikonse, ndipo zinkandikoma.

Anandidzutsa yekha ndi phazi. "Mwakonza, akulu, kapena mwasamukira komweko?"

Lachinayi, 6 Febuluwale

Kwabwera Merle wa kalavani yoyandikana nafe, wa ku Montana, makaniko wa pakamwa. Asanawerame n'komwe: "Achimwene, kamota kapsa aka. Sitepeyo kankhirani mkati, mumange ndi waya, muzipita." Nanga Darlene azikwera bwanji, aziuluka? Miyendo yake siikufikanso pamenepo.

Tinalumikiza kamotako ku batire mwachindunji. Fwii, sitepe kulowa. Fwii, kutuluka. Kamota kamoyo ndithu. Tibwezere mawaya m'malo mwake, yatulukanso n'kuuma. Merle anakanda dazi n'kunena kuti zinthu za masiku ano zili ndi mizimu. Darlene anaseka mpaka kutsokomola, n'kumupatsa keke ya mandimu. Sindinamumve akuseka choncho kuyambira Khirisimasi.

Curtis pafoni: "Adadi, musazengereze. Dokotala sadikira sitepe."

Madzulo kumwamba konse kunafiira ngati mkati mwa chivwende. Ndimaopa kuwerenga masiku, ndiye ndimawerenga makalavani. Oyera mbee, mpaka kuphiri, ngati akuyandama.

Loweruka, 8 Febuluwale

Dzulo sindinalembe. Tsiku lonse mawaya, msana kuwawa.

Lero ndakhala pansi n'kuganiza. Sitepe imadziwa bwanji kuti chitseko chatsekedwa? Pafelemu pali kaswitchi, pachitseko pamakhala kamaginito. Zikakumana, ndiye kuti chatsekedwa. Ndiyang'ane pachitseko, kamaginito palibe. Timabowo tiwiri toyera. Sitepe yosalakwa, masiku onsewa imaona ngati chitseko chili pululu.

Ndinakwawa pamiyala kukafuna, mawondo kusupuka. Kenako Darlene anati akumva kuzizira, ndimutengere juzi. Ndinyamule juzi, supuni ya tiyi ili lendee kunja kwa thumba, yomata. M'thumbamo kamaginito, tizomangira take tiwiri m'kapepala, ndi sikuludiraiva yanga yaing'ono.

Ndinapsa mtima, ndisaname. Masiku onsewa ine chagada m'fumbi, iye pamwamba panga ndi khofi. Ndinamuonetsa m'dzanja. Sanadzidzimuke, sanapepese. Maso kumapiri.

"Ulendo watha wa mankhwala uja ndinasanza miyezi itatu ndikuyang'ana denga, Orval. Adokotala anena okha kuti n'zongowonjezera masiku. Ndisiyeni ndione chipululu chikuchita maluwa, basi."

Maluwa amayamba mu Malichi. Mkwiyo unathera pomwepo, kunatsala mantha okhaokha. Ndinamuveka juziyo. Mapewa atsala mafupa.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Kunja bata. Mphepo yaleka, mapiri ayandikira ngati ungawakhudze.

Ntchito yake ndi yochepa kuposa kuwiritsa dzira. Ndinamanga kamaginito, kutseka chitseko, kuliza injini. Fwii, sitepe inalowa bwinobwino. Merle anaomba m'manja ali kwake. Ine sindinasangalale ngakhale pang'ono.

Darlene anali pampando wakutsogolo, chikwama chake pamiyendo. Anali atalongedza kale, osandiuza. "Mukati tipite, tipita, sindikana. Ndinangofuna mumve kaye." Akuyang'ana panja ngati mwana amene akumusiya kusukulu yogonera komweko.

Ndinakhala nthawi yaitali manja pa chiwongolero, injini ikulira. Ndikufuna akhale ndi moyo. Ndikufuna ndimusunge ngakhale pabedi la chipatala, ngakhale asakundizindikira. Koma zimenezo ndikufuna ndine.

Ndinazimitsa injini. Kutsegula chitseko, sitepe kutuluka, kumugwira dzanja potsika.

Curtis waimba masana. Ndamuuza kuti sitepe yakonzeka, ndipo mawa sitibwera. Wafunsa: "Ndiye mubwera liti, adadi?" Ndimayang'ana mayi ake akusenda lalanje padzuwa, pang'onopang'ono, kuti khungu lisaduke.