Ubweya wa Alekeni

Kwa Kalembo,
P.O. Ulongwe,
9 Okutobala 1973

Okondedwa Bambo a Martina,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumgodiko. Chifuwa chija chinaleka? Kuno tadzuka, Jimu wayamba kuyenda, ndipo amayi anu ndinawaona sabata yatha, ali bwino.

Telegalamu imene achimwene anga a Wadson anakutumizirani inati Martina wamwalira ndi malungo. Ndine ndinawapempha kuti alembe choncho. Sanali malungo, ndipo bodza limeneli landilemera.

Mukukumbuka tsiku lomwe munkanyamuka pa Ulongwe kupita ku Wenela? Simunanene za mbuzi kapena za denga lodontha. Munangoti galu wanu Alekeni ndimusamale, mudzasake naye mukabwera. Ndinakusekani, ndinati kapena munakwatira galuyo.

Mu Meyi kunabwera alangizi a ziweto kudzabaya agalu katemera wa chiwewe. M'mudzi munamveka zoti galu akabayidwa mphuno imafa, sanunkhizanso ngakhale mbewa. Ine ndinakhulupirira. Ndinamutengera Alekeni kumunda wa thonje, n'kumumangirira pamtengo mpaka galimoto yawo itapita. Ndinabwerako ndikudzitama kuti ndine mkazi wosunga mawu a mwamuna wake.

Mu Julayi nkhandwe inalowa pabwalo dzuwa lili paliwombo, yosaopa anthu. Alekeni analimbana nayo, inamung'amba khutu. Patapita masabata atatu galuyo anasintha, ankaluma mitengo, dovu lili chuchuchu. Martina, ndi chifundo chake chija, anamupititsira madzi m'phale. Alekeni anamuluma padzanja. Kabala kake kanali kochepa, ngati ka minga.

Galuyo anthu anamupha tsiku lomwelo. Aphunzitsi a Elliam anandiuza kuti ndithamange naye mwana kuchipatala akamubaye jakisoni wa pamimba. Ndinawayankha mwamwano kuti ife sitinayambe lero kulumidwa ndi agalu. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kukafunsidwa za katemera, n'kudziwika kuti ndinabisa galu kwa a boma. Mukudziwa mmene zinthu zilili masiku ano. Ndinameta ubweya wa kumchira kwa galuyo, ndinauwotcha, phulusa n'kupaka pabalapo, monga ankachitira amayi anga. Bala linapola bwinobwino. Mwezi umenewo ndinakulemberani kuti tonse tili bwino.

Patatha mwezi ndi theka mwana anayamba kudandaula mutu, pachipsera pakuyabwa. Kenako zinafika pa madzi. Mwana wathu ankalira ludzu, koma ndikamupatsa chikho ankakuwa, khosi n'kumangika. Ngakhale kamphepo kolowera pakhomo kankamunjenjemeretsa. A Wadson anamunyamula panjinga kupita naye kuchipatala. Adokotala anati matenda afika kale ku ubongo ndipo palibenso mankhwala, koma tikanabwera tsiku lolumidwalo akanapulumuka. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Tsiku lomaliza anatsitsimuka pang'ono, n'kundifunsa ngati khutu la Alekeni lapola. Ndinati eya.

Kalata yanu yafika dzana. Mwandipepesa, mwati malungo sasankha, ndisadziimbe mlandu. Kumapeto mwafunsa ngati Alekeni akunenepa. Chiwerengereni sindinadye.

Sindikupempha kuti musakwiye. Kwiyani, ndine ndinalakwa. Ndinasunga mphuno ya galu, n'kutaya mwana. Ngati mwaona kuti banja lathera pomwepa, uzani ankhoswe, ine sindikatsutsa. Koma bwerani kaye mudzaone pamene wagona, ndiponso Jimu adziwe nkhope ya bambo wake.

Mundiperekere moni kwa a Swaibu ndi onse akwathu amene muli nawo. Mulungu akusungeni pansi pa nthakapo.

Poyamba kulemba kalatayi ndinaima nthawi yaitali, osadziwa kuti ndikutchuleni ndani. Kuno anthu ayamba kale kundiitana amake Jimu, kuti asandikumbutse. Ndinayesa kulemba Bambo a Jimu, koma dzanja linakana.

Ndine mkazi wanu,
Dorica, amake Martina