Lamulo Lachinayi Ndi Langa

Lolemba, 4 Malichi

Malamulo atsopano afika lero, atakutidwa ndi pulasitiki kuti thukuta lisawafufute. A Wascar, mkulu wa komiti ya masewera a baseball a m'sukulu za chigawo chino, abwera nawo okha pa njinga yamoto, atavala tayi dzuwa lonseli. Ana a zaka 6 mpaka 8 sadzaponyeredwanso mpira. Mpira uzikhala phee pamwamba pa kachitsa ka labala, mwana azingomenya. Palibe kuthamangira kona ina mozemba, palibe kutsetsereka chamimba, palibe kuwerenga zigoli. Kuno ku Macorís, tauni ya baseball! Kumene mwana amadziwa kugwira chibonga asanadziwe kumanga zingwe za nsapato.

Koma lachinayi ndi langa: "Mwana sadzatuluka chifukwa chophonya. Azimenya mpaka akhudze mpira." Ndinalinena ndekha pa msonkhano wa mu Januwale, mkazi ndekhandekha pakati pa abambo khumi ndi mmodzi, onse oti akanakhala akatswiri ku America likanapanda bondo. Zaka zisanu ndi zinayi za uphunzitsi ndakhala ndikupukuta mamina a ana otuluka ataphonya katatu, ndinatopa nazo. Ndanyada, ndisaname.

A Papa, bambo anga, awerenga pepala lonse pakhonde, magalasi ali pansonga ya mphuno. Ati, "Nanga wopambana azidziwika bwanji?" Ndati onse ndi opambana. Ati, "Ooh. Ngati zisankho."

Lachitatu, 6 Malichi

Belkis wanga wabwera ndi mawondo oyera fumbi. Wakhala akumenya vitilla, baseball ya chitsekerero m'malo mwa mpira, mumsewu ndi ana a sitandade 5, iye wa zaka 7. Chitsekerero cha chigubu cha madzi chija chimauluka mokhotakhota ngati chaledzera, koma mwanayu amachipeza ndi mpini wa tsache basi. Lero wachikweza padenga la golosale kawiri. Abambo omwa mowa pamenepo amamuimirira.

Anamuphunzitsa ndi a Papa: maso pa dzanja la woponya, osayang'ana kwina, ngakhale amako akuitane. Ndiye chifukwa chake ndimaitana mpaka mawu kusasa.

Ndamuonetsa chithunzi cha kachitsa. Waseka mpaka kugwira pamimba. Ati, "Mami, mpira wongokhala? Ngati dzira?"

Loweruka woyimbira ndine. Oyimbira enieni akana, ati masewera opanda mkangano iwo akatani.

Loweruka, 9 Malichi

Sindikudziwa poyambira.

Anthu anadzaza, ena pamakoma, ena mumtengo wa mango. Zoti zigoli siziwerengedwa zinayenda bwino kwambiri: Mayi Nurys, amene nyumba yawo inagundana ndi bwalo, amangoyanika masokosi pachingwe, ofiira athu, oyera a alendo. Bwalo lonse maso kuchingweko. Munthu ungamuletse kuyanika zovala pakhomo pake?

Ana amene sanagwirepo chibonga chibadwire amangofika, kuyang'ana mpira, pha! Kuthamanga. Kamtsikana kena kanathamangira kona yachitatu m'malo mwa yoyamba, kanafika bwinobwino, kanakweza manja.

Kenako B. Anthu anaimirira, akumudziwa. Anakumba pansi ndi phazi, kutukula mwendo monga amachitira, maso patsogolo pa dzanja la woponya. Woponya wake uti? Pakatipo timaimikapo mwana wongodikira kutola mpira, ndipo wa lero amatokosa m'mphuno. B. anazunguza chibonga, mphepo yokhayokha. Kachiwiri anamenya kachitsa, kanagwa, ndinakadzutsa. Kachitatu mphepo. Anaika chibonga paphewa n'kuyamba kupita pabenchi, mutu uli m'mwamba, monga achitira aliyense mumsewu. Ndinamuitana. Ine. Ndinati, "Bwerera, sunatuluke. Lamulo lachinayi." Ndinamwetulira ponena, Mulungu andikhululukire.

Anthu anayamba kuwerenga mokweza, poti kuwerenga kuli m'magazi. Kachisanu ndi chimodzi. Kachisanu ndi chiwiri. Pofika kakhumi anasiya, ndipo apo ndi pamene panaipa. Mayi Nurys anayambitsa kuwomba m'manja mwa chifundo, pang'onopang'ono, "Ungathe, mwana, ungathe," onse n'kuvomera. Ndimamunong'oneza kuti ayang'ane pansi, pa mpira. Amayang'ana, koma chibonga chikangonyamuka maso amathawira kutsogolo okha. Chibonga chachitsulo chija n'cholemera, chinayamba kumutopetsa.

Ataphonya ka 19, anaukhudza. Mpira unagwa pafupi ndi phazi lake, unagubuduka pang'ono n'kuima. Anthu anakuwa ngati wautulutsa m'bwalo. Sanathamange, anachita kuyenda.

Tapambana ndi masokosi 14 kwa 11. Sitinawerenge.

Lamulungu, 10 Malichi

Sanatuluke mumsewu. Anzake abwera kawiri pageti, ati akudwala mutu.

Pa nkhomaliro amangotakasa mpunga ndi nyemba. Ndati anthu anakusangalalira dzulo, sunamve? Ati, "Amandiwombera m'manja ngati khanda loyamba kuyenda." Kenako, "Mukanangondisiya ndikhale pansi." A Papa anadzuka kukafuna mchere umene unali patsogolo pawo.

Mtima ukundipweteka. Ndalemba kuti ndione ngati uchepa. Sunachepe.

Lachiwiri, 12 Malichi

A Papa apanga kachitsa kawo kuseri: paipi ya madzi yozika m'chitini cha penti. Munthu yemwe sabata yathayi amati awa ndi masewera a anthu odwala. Ndinawamva pawindo: "Iwala zonse ndinakuuza, mdzukulu wanga. Yang'ana pansi." B. ati, "Agogo, munati woyang'ana pansi ndi wamantha." Iwo, "Ndinanena, koma amako asintha dziko."

Pa khumi akumenya isanu ndi umodzi, kukakhala kulibe womuonera. Nditangotulukira pakhomo waphonya kanayi motsatizana, wataya chibonga, walowa m'nyumba. Ngakhale nkhuku zinachoka.

Mumsewu sanapitebe. Tsiku lachitatu.

Lachitatu, 13 Malichi

Kugolosale mwini wake wandipatsa sopo akuyang'ana kumbali. Abambo a pabenchi ati, "Aphunzitsi, katswiri wathu ali kuti? Denga likumusowa." Wina n'kuwonjezera, "Musadandaule, ngakhale akuluakulu amaphonya." Mnzake, "Koma osati ka 19." Anamugunda ndi chigongono mochedwa.

Lachinayi, 14 Malichi

Ndapita kwa a Wascar nditaweruka. Ndinakonza mawu bwinobwino: tikonze pang'ono lamulo lachinayi, mwana akaphonya kasanu akapume, adzayesenso ulendo wina. Andilandira ndi khofi, andikhazika pampando wabwino. Ndisanatsegule pakamwa andionetsa kalata. Zigawo ziwiri zoyandikana nafe zalikonda lamuloli, Loweruka zikutumiza nthumwi kudzaonera. Ndipo alipatsa dzina langa. Pakalatapo palembedwa "Lamulo la Mphunzitsi Paniagua," zilembo zakuda bii.

Ndinanenabe zanga. Anamvetsera akugwedeza mutu ngati ali m'tchalitchi. Ati, "Aphunzitsi Yudelka, mwana wanu anaphonya ka 19 koma sanagonje. Nkhani imeneyo ndaifotokoza kale m'misonkhano itatu. Anthu amalira nayo." Kenako ati kusintha sikungatheke, mapepala anakutidwa kale ndi pulasitiki.

Ndatuluka nditathokoza chifukwa cha khofi. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Panjinga pobwerera ndimangotukwana chamumtima, ndipo wotukwanidwayo dzina lake lili pakalata.

Lachisanu, 15 Malichi

B. ati mawa apita chifukwa popanda iye timu sikwana, koma ndi komaliza. Ndi vitilla yomwe, ati basi. Ananena modekha, akupesa chidole chimene anachitaya chaka chatha.

Loweruka, 16 Malichi

Nthumwi zinabwera zinayi, anaziikira mipando ya pulasitiki pamthunzi. A Wascar anandiimika patsogolo pawo nditavala kale chotchinga kumaso, ati uyu ndiye mayi wa lamulo lathu. Wina anandijambula. Mayi Nurys anali atachapa masokosi a mudzi wonse.

B. anali wachinayi kumenya. Palibe anaimirira ulendo uno. Anthu amayankhula motsitsa ngati alowa m'chipinda cha wodwala. Sanakumbe pansi ndi phazi, sanatukule mwendo. Anayang'ana mpira monga anamuuzira agogo ake, anayesetsa, ndinaona khosi lake likulimbana nazo. Mphepo. Kachiwiri, kachitsa. Kachitatu anadutsa pamwamba penipeni, mwina mpata wa chala chimodzi.

Sanasunthe. Sabata yatha anayamba kupita pabenchi, lero anangoima, mapewa atagwa, kudikira kachinayi. A Wascar anali atatukula kale foni kuti ajambule kusagonja. Kuchingwe kuja ndinamva m'manja mukuyamba, phu, phu, phu.

Sindinaganize. Ndikanaganiza ndikanaopa. Ndinangomva dzanja langa likukwera, chibakera m'mwamba ngati oyimbira a pa TV, ndi mawu amene sindimadziwa kuti ndili nawo.

"Watuluka!"

M'manja muja munathera m'malere. B. anatembenuka pang'onopang'ono, kundiyang'ana kudzera m'zitsulo za kumaso kwanga. Ndinaona nkhope yake ikudzuka. Ati, "Chiyani?" Ndati watuluka, katatu, kakhale pansi. Anaponya chibonga. "Ndinaukhudza! Kachitatuko ndinaukhudza, unagwedezeka! Inu mumaona chiyani? Maso muli nawo?" Sanaukhudze, ndipo akudziwa. Anayandikira, manja m'chiuno, n'kuyamba kundithira fumbi pansapato ndi phazi, ndendende mmene amachitira akatswiri. Chipewa chili chokhota.

Apo bwalo linaphulika, lonse pa ine. "Wakuba! Wakhungu! Akugula ndi chiyani alendowo?" A mumtengo wa mango amagwedeza nthambi. Abambo a kugolosale analumbira kuti mpirawo anauona ukugwedezeka, wina ati anaumva kulira kwake. Mayi Nurys ati, "Mayi wanji wopanda chisoni, mwana wakewake!" Koma wokuwa kuposa onse anali a Papa, ataimirira pachidebe: "Iwe woyimbira iwe! Anakulera ndani?"

B. anapita pabenchi akutembenukabe kundiloza chala. Anzake anamuzungulira, kumusisita pachipewa, munthu woberedwa. Anakhala pansi, mwendo pamwamba pa unzake, akuwafotokozera ndi manja mmene zinakhalira. Ine misozi ndi thukuta zinasakanikirana m'chotchinga chija. Bola palibe anaona.

A Wascar anabwera akumwetulira cha kwa nthumwi, mano okhaokha. Anandinong'oneza kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa zigawo ziwiri, ndivule chotchinga, Lolemba ndikafotokoze ku komiti, ndipo dzina langa lichoka palamulo. Ndinati zikomo. Anaganiza kuti ndikunyoza. Anayimbira okha mpaka kumapeto, tayi ili m'khosi, anthu anawatukwana nawonso pang'ono poti pakamwa panali patazolowera. Ulendo wachiwiri B. anaukhudza kachisanu, mpira unafika kwa wotokosa m'mphuno uja, anamutulutsa B. asanafike pakona yoyamba. Palibe anawomba m'manja. Wina anakuwa kuti, "Thamanga iwe, miyendo unabwereka?" B. anamuyankha pomutulutsira lilime.

Kunyumba tinayenda motalikirana, iye ndi agogo ake patsogolo, wakuba pambuyo. Ndamuphikira B. nthochi zosinja ndi anyezi wokazinga, wadya mbale yonse akuyang'ana khoma. Atamaliza wafunsa khomalo:

"Loweruka likudzali ayimbira ndani?"

Ndati si ine.

"Bola," watero. Wadzuka, wafika pakhomo, waima osatembenuka. "Mundichapire yunifolomu. Yadzaza fumbi chifukwa cha inu."

Ili m'ndowa.