Golconda ya kuseri kwa mpanda

Lolemba, 8 Julaye 2024

Ndagulanso usipa, chonsecho wa dzana sunathe. Ndapitira pepala. Mayi Millicent NyaLongwe, oyandikana nawo nyumba kuno ku Chikale, amakulungira usipa m'masamba a buku lakale la mbiri ya India, la malemu amuna awo. Tsamba la lero: chaka cha 1687, Aurangzeb, mfumu yaikulu ya a Mughal, wazinga linga la Golconda, likulu la sulutani woyandikana naye. Dziko la dayamondi. Nkhalamba yokwana kulera zidzukulu kukagona m'hema pakhomo pa eni. Msinkhu wanga ndithu.

Chabwino, ndanama pang'ono. Ndapitiranso mwini usipa.

Lachinayi, 11 Julaye

Foni ya mwana wanga Temwa kuchokera ku Mzuzu. Nyimbo yake yomwe ija: "Adada, gulitsani malowo mubwere kuno, chipinda chilipo." Chipindacho ndikuchidziwa, mmene amasungiramo makala. Ine Rabson Chavula, amene ndaphunzitsa mbiri mpaka choko kundiyeretsa tsitsi, kukathera pakati pa matumba! Ndamuuza adikire mvula. Mvula isanagwe ndikhale nditakwatira, apo ayi ndikwere minibasi.

Chichokereni mayi ake a Temwa, nyumba ino ili zii. Ndimatsegula wailesi kuti pakhale wonditsutsa.

Mphamvu za Golconda yanga, kwa Millicent: mpanda wa njerwa, geti yachitsulo, maboti awiri, mathandala oyanikapo usipa mpaka kusowa popondapo, ndi galu dzina lake Kaputeni. Mphamvu za Aurangzeb, ineyo: jekete imodzi, bondo lotupa, Chingerezi.

Lamulungu, 21 Julaye

Kutchalitchi ndinakhala moti Millicent andione. Anandionadi, koma ndikuwodzera.

Masamba a sabata ino: mvula yawononga msasa wa Aurangzeb, njala, mliri, asilikali kufa ngati ntchentche, a m'linga akudya bwino. Kuno njala kulibe. Usipa m'mphika, usipa m'chidebe, usipa pamwamba pa kabati. Amphaka a Chikale yense asamukira pakhonde panga. Ndikadutsa pamsika anthu amanunkhiza m'mwamba.

Dzulo pondipatsa phukusi Millicent anati, "Asambizgi (aphunzitsi m'chinenero cha kuno), usipa wonsewu mukudya ndi ndani? Kapena pali wina wobisika?" Mpata ngati umenewo! Ine ndinayankha za ubwino wa nsomba pa mafupa a okalamba. Zaka zonse zija kulankhula pamaso pa ana, lero lilime gwa.

Lachiwiri, 30 Julaye

Bukulo likuti asilikali ena anaika makwerero pakhoma mwakachetechete, koma galu wa m'linga anauwa, alonda n'kudzuka, okwerawo n'kugwetsedwa. Galuyo akuti sulutani anamuveka mkanda wagolide. Ndinawerenga m'mawa. Ndinaseka. Masana ake ndinaika makwerero anga pampanda, ati kuthyola mapapaya, cholinga kupereka moni wa pamwamba.

Kaputeni kuuwa. Ine chagada m'chinangwa.

Amayi oyanika usipa anaseka mpaka wina kukhala pansi. Millicent anasuzumira nati, "Ada, geti ilipo. Imatseguka bwinobwino." Madzulo anatumiza mafuta otikitira msana. Kaputeni ndamva adya mutu wonse wa kampango.

Phindu la mbiri n'loti munthu umadziwa dzina la dzenje usanagweremo.

Loweruka, 10 Ogasiti

Msana wayamba kumva. Ndaganiza mwaukatswiri: khoma lakanika pamwamba, tilowere pansi. Kwathu ku Ekwendeni munthu wamkulu safunsira mbeta pamsika ngati mnyamata wa kabaza. Amatuma thenga, mkhalapakati wokalankhula ndi akuchikazi. Ndatuma Paston, dalaivala wa minibasi za ku Mzuzu, mwamuna wa pakamwa potsekemera, kwa alongo awo a Millicent ku Mwaya. Ndamubwereka jekete.

Anandifunsa: "Kodi mayiwo mwalankhula nawo kale?" Ndinati zimenezo n'zing'onozing'ono.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Tsamba limene ndinalandira Lachisanu ndaliwerenga lero. Ndikanaliwerenga Lachisanu! Anthu a Aurangzeb anakumba ngalande pansi pa khoma n'kudzazamo onga. A m'linga anadziwa, anachotsa wina, wina n'kuthira madzi. Pophulika unapha eni ake okumba.

Wanga waphulika Lolemba. Alongo awo anaseka, n'kuuza akazi awo, akazi awo n'kuuza amayi a Umanyano wa kutchalitchi, ndiye kuti boma lonse. Paston nayenso wasimbira okwera kuyambira pa depoti mpaka Mzuzu, ulendo uliwonse. Pamsika akundiitana "alamu".

Millicent sanaseke. Pamaso pa anthu: "Ine ndili ndi zidzukulu, Ada Chavula. Mukatume thenga kwa mlongo wanga amene ndimamugulira sopo? Munandifunsa ine? Ndine mbuzi yoti mukambirane mtengo ndi mbusa?" Usipa wa lero anaika m'jumbo. Pepala ayi.

Manyazi. Koma choposa manyazi, ndawakhumudwitsa, ndipo chikundiwawa. Ndakhala ndikuyeza khoma, osaganiza kuti mkatimo muli munthu.

Lachisanu, 30 Ogasiti

Sindinalembe, panalibe cholemba. Sindipita kumsika. Amphaka achoka mmodzimmodzi, alibe ulemu ngakhale wotsazika.

Mathero a Golconda sindikuwadziwa. Tonny wa pa sitolo ya mafoni anati andifufuzire, nkhani ya mphindi imodzi. Ndinakana. Ndikufuna kuwamva akununkha usipa kapena osawamva konse. Uchitsiru wa munthu wamkulu sumva mankhwala.

Temwa akuti wapeza wogula malo, munthu wodalirika, agwirizana kale pakamwa, kwatsala ine kuvomera. Dzina sanatchule, ine sindinafunse. Ndayamba kulongedza mabuku. Jekete Paston sanabweze.

Loweruka, 7 Seputembala

Ndilembe.

M'mawa ndikuthira tiyi, kugogoda. Millicent, chitenje chatsopano, Kaputeni kumbuyo. Phukusi la usipa m'manja, lokulungidwa m'pepala. Anati, "Werengani kaye, ndikudziwa simungamve china."

Ndinawerenga chiimirire. Miyezi isanu ndi itatu khoma silinagwe. Golconda inagwa chifukwa kapitawo wina wa mkati anatsegula chipata. Dziko lonse n'kulowa m'manja mwa a Mughal. Sulutani, bukulo likuti, analandira omugwirawo modekha n'kuwaitanira chakudya cha m'mawa.

Ndikukweza mutu, iwo: "Wogula malo ano ndine. Ndinayamba kukamba ndi Temwa mwezi wa Meyi. Mathandala andichepera, ndipo njira yanu yotsikira kunyanja ndi yaifupi."

Meyi! Ine ndisanagule n'komwe phukusi loyamba. Nthawi yonseyi ndimadziyesa Aurangzeb, kumayenda mokweza mapewa, osadziwa kuti Golconda ndine. Wotsegula chipata ndinabereka ndekha, ndinamulipirira sukulu ya unamwino.

Ndinafunsa ngati ndiyambe kunyamula katundu. Anayang'ana makatoni a mabuku aja. Kenaka: "Mpandawu ndigwetsa Lolemba, muvomere kugulitsa kapena mungondibwereka malo. Inu sankhani. Ku Mzuzu minibasi zilipo. Mukafuna kutsala, funso lija mundifunse ine, pakamwa panu. Koma dziwani, ine sindisamuka. Mwamuna ndiye adzawoloka."

Chikamwini! Ine wa ku Ekwendeni, amene ndinkaseka aphunzitsi anzanga a ku Dedza kuti amakakhala kwa akazi ngati nkhuku zobwereka. Abale anga akamva adzachita msonkhano.

Sulutani anatani? Ndinatulutsa kapu yachiwiri, ija ya maluwa imene sinagwire ntchito chichokereni mayi ake a Temwa. Ndinaitsuka kawiri. Anamwa, anati shuga wachepa. Funso lija sindinalifunse. Anaimirira nati, "Mpaka Lolemba, asambizgi."

Lolemba, 9 Seputembala

Nyundo zayamba. Njerwa zoyamba zagwera m'chinangwa changa, pomwe ndinagwera ine. Kaputeni walowa kale, wagona pakhonde ngati analipira lendi.

Mabuku ndamasula, ndabwezera pa shelefu, ndamanganso. Apa kapena uko, anyamulidwa basi.

Ndayeserera funso pagalasi. M'Chichewa likumveka ngati ndikupempha ngongole, m'Chitumbuka ngati ulaliki. Ndiyesa m'Chitonga cha Millicent, aseke ngati aseke, bola akhale iwo woyamba kumva.

Pabowo la mpanda ndikuwaona, aima pakati pa mathandala, manja m'chiuno, akuyang'ana kuno. Jekete palibe, ndipita ndi malaya omwewa. Akundikodola. Bondo, chonde, lero lokha