Mpendero wa Chijasi cha Kasingano

Lolemba, 4 Ogasiti

Aphunzitsi, lembani momwe ndikunenera, musakongoletse. Sukulu ndinalekera kalasi yachitatu ndipo maso sakuonanso mizere ya m'kope, koma mawu ndi anga. Kopeli lizigona m'dirowa ya makina osokera. Zolembedwamo ndi za ine ndi inu basi.

Yambani ndi ana. Woyamba, Dalaivala: zaka khumi ndi zisanu pa chiwongolero, sanagundepo ngakhale nkhuku. Wachiwiri, Nesi: amayang'anira wodi yonse ya ana, madokotala amamufunsa nzeru. Wachitatu, Magetsi: nyumba zosanja za m'tauni zikawala, ena mwa mawayawo ndi manja ake. Mzime wanga ndi Kasingano. Tinamutcha choncho chifukwa ali wakhanda ankakwawa pansi pa makina kutola masingano. Ali ku yunivesite chaka chachitatu, ndipo amusankha kukaphunzira kunja miyezi inayi. Wina wa kumeneko abwera kudzakhala pa mpando wake kuno, kusinthana. Onse anayiwa analeredwa ndi phazi lopalasa makinali. Mayi awo akanakhalapo akanaona.

Sukulu ilipira ndege ndi chipinda. Chakudya, basi ndi sopo ndi zathu. Abale ake anasonkha, ine ndinagulitsa makina anga ena osokera, aang'ono aja. Lero ndinapita kosinthitsa ndalama ndi mtolo wodzaza thumba la jekete, ndabwerako ndi mapepala khumi ndi awiri. Ndinafunsa mtsikana wa pawindo ngati ena agwera pansi. Sanaseke.

Anyamuka pa 25. Ndikuopa. Lembani zimenezo.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Tinakhala patebulo yodulira nsalu kugawa ndalama. Kasingano akuti mapepala atatu pamwezi: awiri chakudya, limodzi basi ndi foni ndi zina. Akuti buledi mmodzi kumeneko ndi mtengo wa zipi zitatu zoika pa buluku. Ndinati ndiye uzidya theka. Anati, "Ababa, theka linalo adye ndani, mbewa?"

Kenako nkhani ya khadi. Akufuna ndalama zonse zilowe ku banki, iye azingoyenda ndi kakhadi. Ine makina a pakhoma otulutsa ndalama aja anandimezera khadi chaka chija, ndinaima pamenepo ngati mbuzi yogwa m'chitsime, kuno kwathu, komwe ndimamva chinenero. Nanga kumeneko akalirira ndani? Ndalama imene sungaigwire si ndalama. Ndinati tiona. Mapepala ndawatsekera m'chitini cha mabatani, kiyi ali pakhosi panga.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Kumsika wa zovala. Masokosi anayi, magolovesi, chipewa chaubweya, ndi kachida kolumikizira foni pakhoma poti akuti mabowo a magetsi a kumeneko ndi ena. Dziko lanji losiyana ndi anzake mpaka mabowo?

Mayi wogulitsa majasi ndi wapakamwa. Akuti kumeneko munthu ukatuluka wopanda chipewa, khutu limathothoka ngati bisiketi. Kasingano anaseka. Ine sindinaseke.

Ndinasankha chijasi chakuda, chokhuthala, chofika m'maondo. Ndinachitembenuza, ndinakoka misoko, ntchito yabwino. Mwana akuti chamukulira, akuoneka ngati wabwereka cha mlonda. Ndinamuuza kuti chachikulu chimachepetsedwa, chaching'ono sichikula. Tinagula.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Tsekani chitseko, Aphunzitsi.

M'mawa Kasingano atapita kukabayitsa jakisoni wa ulendo, ndinatenga chijasi chija. Ndinamasula mpendero wa pansi ndi lezala. Mapepala ndinawakulunga atatuatatu m'tipulasitiki, timitolo tinayi, mwezi ndi mwezi. Tiwiri kutsogolo, tiwiri kumbuyo. Ndinatseka ndi dzanja, msoko wanga uja wobwerera kawiri, mfundo yobisa m'kati. Maso akana koma zala zikuonabe. Bambo anga ankatero popita kutali kukagwira ntchito, ndipo palibe anawaberapo.

Ndidzamuuza pabwalo la ndege, pamene sangathenso kutsutsa.

Mukuti ndimuuze lero? Zanuzo musalembe. Kope ndi langa.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Tinabwereka sikelo kwa wogulitsa misomali. Sutikesi makilo 27, ololedwa 23. Mwana akuti chijasi chokha makilo atatu. Ndinati uchivale pokwera. Anandiyang'ana, anatseka sutikesi.

Loweruka, 9 Ogasiti

Lembani pang'onopang'ono.

Kasingano anapita m'tauni ndi Nesi. Masana abwera atavala jekete lobiriwira, lofufuma ngati pilo, lopepuka ngati mulibe kanthu. Akuzungulira pakati pa shopu. "Ababa, onani. Chijasi chija ndabweza kwa mayi aja, andisinthira ili. Makilo atatu apita."

Ndinali ndi sizasi m'manja. Ndinayiika pansi bwinobwino, ndinakhala pampando. Nesi akuti, "Ababa, mwamwa mankhwala a magazi lero?" Ndinati ndamwa. Ndinati jekete ndi labwino.

Ndikanati chiyani? Kuti thukuta la ana atatu ndi makina anga zapachikidwa pamsika, aliyense wodutsa akuzigwiragwira? Ndinati ndipite pompo, koma kasitomala wa suti ya ukwati anali ataima pakhomo, ndipo pomaliza naye msika unali utatsekedwa.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Msika sutsegula. Sindinadye. Musandiyang'ane choncho.

Lolemba, 11 Ogasiti

Ndinafika mayi aja asanamasule mitolo. Ndinati ndikufuna chijasi chakuda chija, ndasintha maganizo. Anati, "Aa, atelala, chinapita Loweruka lomwelo. Chinthu chabwino sichigona."

Wagula ndani? Akuti mlonda wina wamtali, wa ndevu zoyera, amalondera nyumba zosungira katundu za kuseri kwa njanji. Dzina sakulidziwa. Anandifunsa, "Kodi mwasiyamo kalata ya chibwenzi m'thumba?" Anzake a pafupi anaseka. Nanenso ndinatulutsa mano.

Kunyumba mwana akulemba mndandanda wa zotsala kugula. Mankhwala otsukira mano, loko wa sutikesi. Akuimba. Sanafunse za chitini cha mabatani, ndipo ine ndikuthokoza kuti sanafunse. Akapita wopanda ndalama akadya chiyani kudziko kopanda m'bale? Akapanda kupita, ndamupha ndi singano yanga yomwe.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Shopu sindinatsegule. Nyumba zosungira katundu zilipo zisanu ndi ziwiri, ndipo alonda onse ndi aatali ukamawafunafuna. Pachipata chachisanu ndinamupeza akuyamba ntchito chakumadzulo, dzuwa likadalipo, chijasi atachikoleka pamsomali m'kanyumba kake.

Ndinati ndine telala, chijasicho chinadutsa m'manja mwanga ndipo ndikukayika mpendero wake, ndiloleni ndiuone, sindilipiritsa. Anati, "Masiku ano atelala mwayamba kulondola zovala ngati apolisi?" Koma anandipatsa. Munthu wabwino.

Ndinagwada. Ndinayendetsa zala kutsogolo. Pofewa. Kumbuyo. Pofewa. Ndinazungulira mpendero wonse katatu. Mulibe kanthu.

Ndinamuyang'ana kumaso. Iye akudya mtedza, akundifunsa ngati ndingamufupikitsire buluku. Wakuba sadya mtedza choncho.

Chimene chikundisokoneza ndi ichi. Mpendero ndi wotseka. Msoko ndi wobwerera kawiri, mfundo yobisa m'kati. Ndi wanga koma si wanga. Wanga ndi wotakataka chifukwa cha maso. Uwu ndi waung'ono, wolingana, ngati wa ine wa zaka makumi awiri zapitazo.

Mukufunsa kuti wina amasoka choncho ndani. Mayi awo, ndipo anagona. Dalaivala ndi Magetsi sadziwa kulowetsa ulusi. Nesi amasoka anthu.

Ayi, musanene. Ngati si mzime wangayo, ndiye kuti pomufunsa ndaulula zonse.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Ndinayesa kawiri kumuuza. Koyamba ndinati "Kasingano," anati "Ababa," ndinamutuma madzi. Kachiwiri ndinamufunsa nthawi, wotchi ili pakhoma patsogolo panga.

Dalaivala anaimba foni ali panjira. "Mdala, ndalama za mwana zili bwino?" Ndinati zili pabwino. Chikhalire sindinanamizepo mwana ameneyu.

Mawa ndinena. Lembani kuti ndalonjeza, kuti ndikalephera mudzandiwerengere.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Lero lembani zonse, ngakhale zondichititsa manyazi.

M'mawa Kasingano anabwera kushopu ndi tiyi. Ndinamuuza akhale pa kampando kake kakale, ka pafupi ndi makina. Ndinayang'ana pansi. Ndinati, "Mwana wanga, chijasi chija munali ndalama zako zonse. Ndinazisokera mumpendero. Ndapita kwa mayi aja, ndapita kwa mlonda anachigula. Mulibe."

Anaika kapu pansi. "Mwapita kwa mlonda? Wapansi? Ndi bondo limenelo?"

Ndinati nkhani si bondo.

Anatsegula kachikwama kake. Anatulutsa tipulasitiki tinayi, topanda kanthu, anatindandalika patebulo yodulira. Kenako kapepala ka ku banki. Akuti tsiku lomwe ndinasokalo anayesanso chijasi, mpendero unamugogoda bondo. Anautembenuza, anaona msoko. "Ababa, msoko wanu ndingaudziwe nditatsinzina. Ndinamasula ndi lezala lanu lomwe, ndinatseka momwe munandiphunzitsira. Loweruka tinadzera ku banki ndi achemwali."

Ndinati bwanji sunandiuze?

"Inu munandiuza?"

Akuti ankadikira kuti ndifunse. Ankayesa ndazindikira kalekale ndipo ndangokwiya chifukwa cha khadi, poti ndikakwiya sindidya. Za kuyenda kuseri kwa njanji sankadziwa. Atamva kuti ndinagwada pamaso pa mlonda anayamba kuseka, kusekako kunasanduka kwina, anabisa nkhope m'nsalu ya kasitomala. Ndinamuuza kuti nsaluyo ndi ya eni ake.

Ndinafunsa, nanga makina akameza khadi? Anati akaimba foni, akamupatsa lina, anafunsa kale ku banki, nambala anailemba malo awiri. Ndinafunsa, likabedwa? Anali ndi yankho. Likathyoka ndi chisanu? Anati, "Ababa."

Ndiye anatulutsa pepala limodzi la ndalama zija. Akuti ku banki anaika khumi ndi limodzi, ili anasunga. Anavula jekete lobiriwira, analitembenuza, anandionetsa kamsoko ka m'kati, pansi pa thumba. "Ili musokere inuyo. Koma ndikuona."

Ulusi unakana kulowa. Ananditengera singano, analowetsa kamodzi kokha, anandibwezera. Ndinasoka. Iye atagwira nsalu, mutu wake pafupi ndi wanga. Nditamanga mfundo anayendetsa chala pamsoko, anati ndi wotakataka koma ugwira.

Jeketelo ndikulikayikirabe. Chinthu chopepuka choncho chingatchinge chisanu chothothola makutu? Usiku wa lero ndidya, koma kuopa sikunathe, musalembe kuti kwatha.

Tsopano tsegulani tsamba lina, ili lokha ndi loti ana aone. Zilembo zazikulu. Loweruka pa 23 Ogasiti, 2 koloko masana, nonse kunyumba kuno, ndi akazi anu, amuna anu ndi adzukulu, kudzatsanzikana ndi Kasingano. Dalaivala asinthe ulendo wake, sindikufuna kumva za katundu wa abwana. Magetsi abwere ndi mipando. Nesi adzere kwa wogulitsa misomali, atibwerekerenso sikelo ija. Inunso Aphunzitsi mubwere, koma kope musiye m'dirowa.