Kamtsamiro ka Pakati pa Maliro

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno matupi ali bwino, koma mtima wanga sindingauikire umboni.

Mwina munamva kuti alamu anu ayamba zisudzo. Aphunzitsi a nyimbo asonkhanitsa anthu ku holo ya pafupi ndi siteshoni kuti achite sewero loimba, nkhani yakalekale ya mabanja awiri odana chifukwa cha malire a munda, ana awo n'kukondana. Alamu anu, munthu woti chikwatirane sanandiimbirepo ngakhale mzere umodzi, ndiye anasankhidwa kukhala mnyamatayo. Mnyamata wadazi, mpaka ndinachita kuwasokera chipewa. Mtsikana wake ndi mayi wina wogulitsa mankhwala ku famase. Mawu ali nawo, zimenezo sindingamunamizire.

Ine anandipatsa ntchito yosoka zovala, ndipo ndinailandira ndi manja awiri.

Kumapeto kwa seweroli awiriwa amaphedwa ndi abale awo omwe. Amagona pansi moyandikana, mayi wina n'kuwafunditsa nsalu imodzi yoyera, kenaka mabanja aja amaimba nyimbo yopepesana. Nyimboyo ndi yaitali, achemwali, munthu ukhoza kupinda siketi n'kuisita isanathe. Nthawi yonseyo awiriwa amakhala ali m'nsalu.

Tsiku lina akuyeserera, ndinaima kuseri kwa katani, mapini ali kukamwa. Aliyense maso anali pa oimba. Ine ndinkayang'ana nsalu, poti telala amayang'ana chimene wasoka. Ndinaiona ikugwedezeka. Si kupuma ayi, kupuma kwa alamu anu ndimakudziwa. Inkagwedezeka chapakati, pamene pamakhala manja.

Kunyumba ndinawafunsa ngati nthabwala kuti kodi maliro a masiku ano amatakataka. Anaseka, nati simenti imazizira, ndiye munthu amanjenjemera. Anatinso ndisabweretse nsanje pa zinthu zasewero, anthu angatiseke. Kenaka anapita kukasamba akuimba ndime ya mayi wa ku famase uja, osati yawo.

Sindinakangane nawo. Ndinatenga nsaluyo ngati ndikukaichapa, n'kusokerera kamtsamiro kakatali kunsi kwake, kuti akawafunditsa kazigwera pakati pawo. Aphunzitsi ndinawauza kuti ndikufuna anthu aziona kuti mitembo ndi iwiri. Anandiyamikira pamaso pa onse, alamu anu akuwombera nawo m'manja.

Masiku otsatira nsalu inangoti zii. Ndinafika pochita manyazi, n'kumadzifunsa ngati sindikuyamba misala ndi ukalambawu.

Dzulo ndinapeza kamtsamiro kaja katatayidwa kuseri kwa bokosi la zovala. Sikanathothoke kokha. Ulusi unadulidwa bwinobwino kuchokera uku mpaka uko, ndi munthu wosafuna kung'amba nsalu. Aphunzitsi anati sakudziwapo kanthu. Mayi wa ku famase anandifunsa mokoma ngati ndikufuna mankhwala a mutu, ati nkhope yanga sikuoneka bwino.

Lero m'mawa ndikusita jekete la alamu anu la m'seweromo, simbi inagunda kanthu kolimba. Kanali kasizasi kanga kakang'ono kamene ndakhala ndikufunafuna, kali m'thumba lamkati limene ndinasoka ndekha. Iwo akuti anakatola pansi ku holo, ankandisungira. Mwina ndi zoona. Mwinanso simenti imaziziradi.

Achemwali, ndagwira mwendo wanu. Sewero lidzaonetsedwa Loweruka lomaliza la mwezi uno. Bwerani, mudzakhale mzere wakutsogolo. Akadzayamba nyimbo yopepesana, inu musadzayang'ane oimba, mudzayang'ane nsalu. Chimene mudzaone mudzandiuze osachotsera, chifukwa ndiyenera kudziwa ngati ndikadali ndi banja kapena ndikungosita zovala za mwamuna wa eni.

Mufunsa kuti bwanji osadzionera ndekha. Mayi wofunditsa maliro uja wasamuka, ndipo aphunzitsi aika ine m'malo mwake, ati nsaluyo ndimaidziwa kuposa aliyense. Alamu anu ndi amene anawapatsa maganizowo. Tsopano ndine ndizigwada, kuwafunditsa ndi manja angawa, n'kuwakonzera m'mbali kuti pasaoneke kanthu. Ndikatero ndiyenera kuwafulatira, kuyang'ana anthu, n'kuimba nawo mpaka nyimbo itathe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, Mulungu akusungeni nonse. Amayi musawauze chilichonse. Anditumizira kale nsalu kuti ndiwasokere diresi yodzaonera mkamwini wawo.

Ndine mng'ono wanu,
Telala