Makoko a chimanga chachizungu ndi liwombo la Takondwa

Lachinayi, dzuwa likulowa. Mtima uli m'mwamba.

Takondwa wanga, wa miyezi isanu ndi itatu, akutsegula m'mimba kuyambira dzana. M'mawa alamu anga anabwera ndi makoko a chimanga chachizungu, chipatso cha njere zofiira chija, aja amayanika m'chigafa cha fodya. Anati, "Wiritsani mum'mwetse, mlamu. Abambo akunyumba amathira ufa wake mu tiyi, m'mimba mumangoti zii." Ndinawiritsa. Madzi ake ndi owawa, anandiumitsa m'kamwa ine wamkulu ndemwe. Ndinam'mwetsa masupuni atatu, kutsegula kuja n'kuchepadi. Ndinasangalala mpaka kubweza wakabaza amene anabwera kudzatitenga kuti tipite kuchipatala ku Nambuma. Kupusa kwangaku!

Tsopano liwombo lalowa, chala changa chikukwanamo. Bere akulikana. Thewera limene ndinam'veka masana likadali louma. Makoko aja amanga m'mimba, inde, koma madzi amene mwanayu wataya abwerera bwanji? Bambo ake athamangira wakabaza uja, ine ndikum'donthezera madzi a mchere ndi shuga m'kamwa.

Walira kawiri ndikulemba izi, koma msozi ndi umodzi womwe sunatuluke. Ambuye, njinga ija ingofika...